Mapaipi a Malemu Beverly

"Ndiye mwasankha yake."

"Sindinasankhe ya munthu, Lorna. Ndasankha yaikulu."

"Yaikuluyo ndi yake. Musandizunguze mutu ngati mwana, a Wendell. Nenani poyera kuti mwasankha nyumba ya Beverly, ndimve ndi makutu angawa."

A Wendell Rustad anaika foloko m'mbale n'kuyamba kuyang'ana zikhatho zawo. Ndi mmene analili bambowa. Injini ya thirakitala ankatha kuimasula n'kuimanganso atatsinzina, koma mkazi akangokweza mawu ankangoti ndwii ngati ng'ombe pamvula. Amene anayankha anali Kendra, mwana wawo wa kwa mkazi woyamba, yemwe anafika m'mawa womwewo kuchokera ku mzinda wa Billings ndi chikwama chodzaza mapepala.

"A Lorna, tamvetsani. Nkhaniyi si ya amayi anga ayi, ndi ya lamulo. Loya wanena momveka. Angongole akapambana mlandu mwezi wamawa, agulitsa katundu wa adadi. Koma munthu akapita ku ofesi ya kaundula wa malo n'kukalembetsa kuti nyumba yakutiyakuti ndi pakhomo panga, ndi momwe ndimagona, imeneyo saikhudza. Vuto ndi loti lamulo limateteza imodzi yokha."

"Imodzi yokha, ndamva. Ndiye tilembetse ino. Si muno timagona?"

"Ino ndi yaing'ono. Ya m'tauni ija mutaigulitsa mungagule tinyumba ngati kano katatu konse. Mungosamuka basi, muzikakhala kumeneko zenizeni, chifukwa n'zolumbira zimenezi. Ndipo popeza ndinu banja, musayina nonse awiri."

"Ndisayine ine? Ndikweze dzanja, ndilumbire kuti kwathu ndi kukhitchini kwa Beverly?"

Ngongole yake inali ya chipatala. Beverly anadwala khansa nthawi yaitali, a inshulansi analipira mbali yawo kenako n'kusamba m'manja, ndipo chipatala chitatopa kudikira chinagulitsa ngongoleyo ku kampani ina ya kutali, anthu oti sanamuonepo Beverly ndipo sadziwa n'komwe kuti manda ake ali pati. Kuno ku Montana, monga m'dziko lonseli, ngongole imagulidwa ngati ng'ombe pamsika. Munthu amafa, kuikidwa, udzu kumera pamanda, bilu yake ili moyo, ikuyendabe pakhomo pa amasiye. Zamanyazi ndithu, koma ndani ungamuuze?

"Mayi ako, mzimu wawo uuse mumtendere, sindinalimbane nawo," anatero Lorna atatembenukira kwa Kendra. "Koma anadwala ndi iwo, mankhwala anamwa ndi iwo, nyumba yolipira ikhale yanga? Pamene ndinkakwatiwa ndinakana kukalowa m'nyumba ya mwini. Bambo akowa anagula chisakasa chino, mbalame zikugona m'denga. Anatseka ming'alu ndani? Unali kuti iwe pamene ndinkagwada pansi apa kupala matabwa mpaka mawondo kutupa? Mitengo yotchinga mphepo ili panjayo inadzibzala yokha?"

"Pamapepala pali dzina la adadi lokha," anatero Kendra motsitsa mawu.

"Kendra," anatero a Wendell. Anangotchula dzinalo basi, osawonjezapo kanthu, ndipo Lorna anaona kuti chitetezo chake chonse m'banjamo chinathera pamenepo. Anatolera mbale, chakudya chikadali momwemo, n'kukazikhuthulira galu.

Kunena zoona, chimene chinkamudya Lorna sikunali kukula kwa nyumbayo. Anali mapaipi. Aliyense kuno amadziwa kuti nyumba yopanda anthu suisiya yozizira m'nyengo ya sinowo, chipale chofewa chikamagwa. Ng'anjo yotenthetsa nyumba iziyaka, mpopi umodzi uzidontha, apo ayi madzi amaundana m'mapaipi n'kuwang'amba. Ndiye m'mawa uliwonse a Wendell akamwa khofi ankavala chipewa n'kunena kuti, "Ndikaone mapaipi." Kuona mapaipi ndi ntchito yoti munthu angaimalize ndudu isanathe. Iwo ankabwerako masana. Ofuna kuchita lendi anabwera angapo, onse anabwezedwa, akuti anthu angawononge.

Lorna ankachapa zofunda kunyumba yosungira okalamba, ndipo azimayi anzake kumeneko sankamusiya. "Mkazi mnzako wadzuka bwanji lero? Mapaipi ake akudontha bwino?" Iye ankaseka nawo, koma mumtima muli moto. Akanakhala mkazi wamoyo bwenzi atamupitira, kumukoka tsitsi pamsewu, nkhani n'kutha. Nanga wakufa umamutani? Sakalamba, sanenepa, sadzuka ndi mkwiyo, sapsereza nyama. Kutchalitchi azimayi ankakumbukirabe makeke a Beverly. Ngakhale Kendra zaka zonsezi ankangoti "a Lorna," ngati akuitana mlendo wobwereka shuga.

Patapita masiku angapo Kendra atabwerera, Lorna poweruka anapeza makatoni atasanjidwa pabalaza.

"Awa ndi a chiyani?"

"Ndapempha kusitolo. Tiziikamo zinthu pang'onopang'ono."

"Ikanimo zanu."

"Lorna, tikamakokanakokana chonchi titaya zonse ziwiri."

"Nanga nkhuku zanga? Zikagona pa piyano ya Beverly?"

"M'tauni salola nkhuku. Aneba athu a Solberg ati angazitenge."

"Oo, mwapereka kale eti? Mitengo ija mwapatsa ndani? Ineyo mwandipereka kwa ndani, ndidziwiretu?"

"Usayankhule choncho."

"Chabwino. Ndikufunseni funso limodzi, mundiyankhe ngati mwamuna. Ikanakhala kuti yaikulu ndi ino, yaing'ono ndi ya Beverly, mukanalembetsa iti?"

A Wendell anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Sanachedwe kwambiri, mwina kupuma kamodzi kokha, koma kuchedwa kotero mkazi amakumva.

"Ino," anatero.

"Bodza."

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumbamo munangoti zii. Ankapatsana mchere osayang'anana. Koma mkwiyo umatopetsa, ndipo Lorna sanali chitsiru. Akagwada kukhola kutolera mazira ankaganiza mwakuya. Anali atapitirira zaka makumi asanu, msana unkamuwawa, ndipo ankawakonda bambowa ndi mtima wonse, ndi kusayankhula kwawo komwe. Akanyanyala mpaka mlandu kulowa, onse awiri akakalambira m'kachipinda ka lendi. Mwina makatani atasinthidwa, khoma litapentedwa, nyumba imaiwala mwini wake.

Lachisanu lina a Wendell anayenera kupita ku Billings kukaonana ndi loya limodzi ndi Kendra. Wailesi inali itachenjeza kale kuti kukubwera chisanu choopsa kuchokera ku Canada. Atanyamula chikwama anaima pakhomo, n'kuchotsa kiyi mmodzi pa mulu wa makiyi awo. Zaka zonse za ukwati wawo Lorna anali asanamugwirepo kiyi ameneyo.

"Ukaweruka ukadzereko. Ukaone ngati ng'anjo ikuyaka, ndi mpopi wa kukhitchini uzidontha, usautseke. Ndipo uyendemo, uone wekha. Chomwe sunachikonde tichotsa. Makatani, kapeti, chilichonse."

"Chilichonse?"

"Chilichonse."

Lorna analandira kiyiyo. Popita kuntchito anaponya m'chikwama tepi yoyezera mawindo, ndipo panjira anadziuza kuti Lolemba asayina, zithe.

Atatsegula chitseko masana ake, chimene chinayamba kumulonjera chinali kufunda. M'nyumbamo munali mofunda kuposa kwake, komwe a Wendell ankatsitsa ng'anjo kuti gasi asathe msanga, iye n'kumayenda ndi majuzi awiri. Jekete lofiira la Beverly linali pa msomali pafupi ndi chitseko. Pansi pake panali masilipasi a a Wendell, otha kuchidendene. Zimenezi ankaziyembekezera, ndipo anadziuza kuti jekete ndi nsalu chabe.

Analowa kukhitchini. Mpopi unkadontha, tho, tho, tho. Patebulo panali kapu imodzi, mbale ya zinyenyeswazi za buledi, mpeni, ndi botolo la jamu wa zipatso za kutchire zimene azimayi amathyola m'mbali mwa mtsinje chilimwe chikamatha. Pachivindikiro panali zolemba za Beverly. Botololo linali lopalidwa mpaka pansi. Anatsegula kabati. Pa shelefu ya m'mwamba panali mabotolo opanda kanthu, otsukidwa bwino, ondandalikidwa mzere. Pa shelefu ya m'munsi panatsala odzaza ochepa chabe.

Lorna anakhala pampando. Chaka chilichonse iye ankapita kumtsinje komweko, kubwerako mikono itakalikakalika, kuima pamoto tsiku lonse akutakasa mphika. Akaika jamu wake patebulo, a Wendell ankakankhira botolo kumbali mwaulemu. "Adokotala anandiletsa shuga." Iye ankawamvera chisoni, n'kumakagawa jamuyo kutchalitchi. Kani m'mawa uliwonse ankadzakhala pano, m'masilipasi, kumapaka pabuledi jamu wa munthu wakufa, pang'onopang'ono kuti asathe msanga.

"Ndiye shuga wa Beverly sapha," anatero mokweza, m'nyumba yopanda munthu.

Nsanje inamugwira. Makatani angasinthe, khoma angapente, koma akadzalowa muno adzakhala wantchito wa mkazi mnzake, kumusesera m'nyumba ndi kumusamalira mwamuna. Kenako mawu a Kendra anamubwerera, akuti n'zolumbira, muzikakhala kumeneko zenizeni. Nanga nyumba ikakhala yosakhalika, angalumbire ndani?

Anaimirira. Anamanga mpopi uja mpaka gwa. Anatsika kuchipinda cha pansi pa nthaka n'kuzimitsa ng'anjo. Pakhoma pomwe mapaipi amalowera panali kawindo, ndipo anakatsegula n'kukachirikiza ndi njerwa. Anakhoma chitseko bwinobwino, n'kupita kwawo kukadyetsa nkhuku.

M'mawa wa Loweruka anadzuka kusanache. Mkwiyo unali utaphwa, kunatsala mantha okhaokha. Anavala msangamsanga kuti akayatsenso ng'anjo ija, koma kunja kunali mbee, mphepo ikuuluza sinowo moti khola la nkhuku silinkaoneka. Galimoto inatitimira asanafike n'komwe pageti. Wailesi inati misewu yonse yatsekedwa. Anagwira foni kuti aimbire munthu wa m'tauni, koma akanati chiyani? Athyole chitseko, akapeze windo lochirikizidwa ndi njerwa, mawa tauni yonse idziwe? Anaibwezera pansi. Itangofika pansi inalira.

"Tatsekeredwa kuno," anatero a Wendell. "Mwina mpaka Lachiwiri. Uli bwino? Nkhuni zilipo?"

"Zilipo."

"Unapitako?"

"Ndinapita."

"Mapaipi ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Zikomo, Lorna. Ndikudziwa kuti sizinali zophweka kwa iwe."

Chisanu chinakhala masiku awiri, chija choti mpweya umaundana m'mphuno. Kenako Lolemba kunatsika mphepo yofunda ya kumapiri, imene imasungunula sinowo ngati mafuta pachiwaya. Anthu anasangalala. Lorna sanasangalale, chifukwa ankadziwa kuti paipi imang'ambika kukazizira koma imakhetsa madzi kukafunda. Msewu wakwawo unali usanalambulidwe. Anangokhala pawindo manja ali m'khosi, akumvera madzi akudontha kudenga.

Lachiwiri a Wendell ndi Kendra anadzera kudzamutenga kuti akaone limodzi za kusamuka. Chitseko cha nyumba ya m'tauni chinali chitatupa, moti a Wendell anachita kuchikankha ndi phewa. Madzi anatuluka n'kuwanyowetsa nsapato. Ankatsika pa masitepe ngati mtsinje. Siling'i ya pabalaza inali itagwera pa piyano, matabwa a pansi atapindika, mapepala a m'khoma akulendewera. Zithunzi za ukwati, za Kendra ali wakhanda, zinkayandama chafufumimba. Kendra anagwira pakamwa n'kuyamba kulira ngati amayi ake amwalira tsiku lomwelo.

A Wendell anapitirira m'kati. Anayenda m'madzimo mpaka kukhitchini, anagwira mpopi uja n'kuyesa kuupotokola. Unali wothina. Anayatsa tochi n'kutsika pa masitepe a pansi mpaka kulowa m'madzi momwemo, anatseka madzi olowa m'nyumba, ndipo anakhalako kanthawi. Pokwera anali atanyowa mpaka m'chiuno. Anamuyang'ana Lorna kamodzi kokha.

"Chachitika n'chiyani, adadi?" anafunsa Kendra. "A Lorna, si munati zonse zili bwino?"

"Ng'anjo inazima," anatero a Wendell. "Inali yakale. Ndinayenera kuisintha kalekale."

Lorna akanakonda a Wendell akanamumenya mbama pamaso pa mwanayo. Anawerama n'kuyamba kutola zithunzi m'madzi, koma Kendra anamulanda, osati mwaukali, anangozitenga n'kuzipanira pachifuwa.

Mmisiri amene anabwera kudzaona anapukusa mutu. Mawaya a magetsi anyowa, mapaipi onse ndi osintha, munthu sangakhalemo mpaka chilimwe, ndipo ndalama zake n'zosayamba. Loya pafoni sanachulutse gaga. Musalumbire bodza, lembetsani yomwe mukugonamo, ndipo muchite sabata yomweyi.

Masiku otsatirawo a Wendell sanamufunse kanthu. Ankadya chimene wapatsidwa, kuthokoza, kukagona. Lorna anayesa kawiri kuti ayambe nkhaniyo, koma ankaisiyira panjira. Makatoni aja anawachotsa pabalaza n'kukawatentha, ndipo bambowo sanafunse komwe apita.

Lachisanu m'mawa anapita ku ofesi ya kaundula wa malo. Mayi wolumbiritsa, wa magalasi olendewera pa kachingwe, anawerenga chikalatacho n'kuwayang'ana.

"Bambo Rustad, mumakhala m'nyumba imeneyi?"

"Inde."

"Mayi Rustad?"

"Inde, ndimakhala momwemo."

Anasayina, chidindo chinagunda, nkhani n'kutha. Lorna anayang'ana dzina lake litakhala pambali pa la a Wendell pa pepala la nyumba, koyamba chikwatiwire. Tisabise, anakondwa. Manyazi analipo, mantha analipo, koma pansi pa zonsezo panali kukoma kwina kumene sakanakuuza munthu. Wamugonjetsa mkazi mnzake uja. Angongole atenga ya Beverly, ndipo m'mawa mwamuna azimwa khofi n'kukhala pansi.

Pobwerera anayesa kucheza. Anati mwina chilimwe chino awonjezere khonde kumbuyo. A Wendell anati khonde ndi labwino. Atafika pageti anaimitsa galimoto koma sanazimitse injini.

"Tsika."

"Inu simutsika?"

"Ndinamufunsa loya. Akuti mmodzi wa ife akamakhalamo zakwana. Nyumbayi palibe amene adzaikhudze, Lorna. Ndi yako."

Apa ndi pamene Lorna anacheuka n'kuona kumbuyo kwa galimoto. Pansi pa lona panatulukira chikwama chawo chija, bedi lopinda, kambaula ka gasi ndi pampu yopopera madzi.

"Mukupita kuti?"

"Kukapopa madzi. Nyumba ija sindingaipereke kwa anthu ili choncho."

"Mubwera madzulo?"

"Chipinda cha kumbuyo n'chouma."

"Mwangolumbira kumene kuti mumakhala kuno."

"M'mawa uno ndimakhala kuno. Sindinaname."

"Nanga akadzaigulitsa?"

"Ndidzaona pomwepo."

Lorna anagwira chitseko cha galimoto koma sanachitsegule. Misozi inali pafupi, koma chimene chinatuluka m'kamwa mwake chinali nsanje yomwe ija.

"A Wendell, munthu uja anafa. Anafa. Ine ndili pano, ndikupuma. Mundisiye ine chifukwa cha mabotolo a jamu?"

"Ndikudziwa kuti anafa, ndinamuika ndine." Anayankhula osakweza mawu, maso ali pa chiwongolero. "Ndinkapitako, inde. Ndinakunamiza za shuga, inde, ndipo ndinalakwa. Jamu uja akanatha chisanu chino. Koma tsiku lililonse ndinkakhoma chitseko chija n'kubwera kuno kwa iwe. Palibe ankandikakamiza. Iwe unkangowerenga kupitako, kubwerako sunkakuona."

"Ndiye bweraninso."

"Njerwa ija, Lorna. Ukanangozimitsa ng'anjo ndikanati ndi mkwiyo. Koma unafunafuna njerwa."

Lorna anatsika. Galimoto inabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono m'matope a sinowo wosungunuka, n'kukhotera kutauni. Iye anaima pageti ndi chikalata chodindidwa m'manja, nyumba yake ili kumbuyo kwake, yotetezedwa kwa aliyense wofuna kuilanda. Ngakhale kulira sanathe. Ankangoganiza kuti kale Beverly ankamubwereka mwamunayo m'mawa mokha, koma tsopano wamutenga yense, usana ndi usiku, ndipo wokamupereka ndi iye mwini.